Chiyambi cha Tsankho la Khungu ndi Kusankhana Mitundu

Kukayikira mlendo ndi khalidwe lakale kwambiri, ndipo n'kovuta kupeza mtundu wa anthu umene ulibe nthabwala kapena mayina onyoza anthu oyandikana nawo, koma tsankho la khungu monga likudziwika masiku ano ndi chinthu china, ndipo si lakale choncho. Akatswiri a mbiri yakale amasiyanitsa ziwirizi pofunsa ngati munthu wonyozedwayo wasiyiridwa potulukira. Kumene wobwera amanyozedwa chifukwa cha chinenero, chipembedzo kapena kadyedwe kake, mwana wake akhoza kuphunzira chinenero cha eni dziko, kulowa chipembedzo chawo kapena kukwatira pakati pawo, ndipo pofika kwa adzukulu nkhani ya kubwera imakhala itazilala. Tsankho la khungu limatseka njira imeneyo, chifukwa limaphunzitsa kuti kuperewera kwa munthu kuli m'magazi mwake, kuti anabadwa nako ndipo adzapatsira ana ake, komanso kuti boma liyenera kugawa ufulu, malo ndi ntchito motsatira kubadwako. George Fredrickson, m'buku lake la 2002 lofotokoza mbiri ya tsankholi, anaika malire pamenepa, ndipo malirewa amathandiza kuona kuti chiphunzitso cha magazi chinamangidwa pang'onopang'ono, ndi anthu odziwika mayina, m'zaka zowerengeka, pofuna kuteteza maudindo ndi chuma.

Agiriki akale ankanyoza onse osalankhula Chigiriki, ndipo Aristotle, m'zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti pali anthu ena amene ukapolo ndi chibadwa chawo, pamene asing'anga a nthawiyo ankati nyengo ya dziko, kutentha kapena kuzizira kwake, ndi imene imaumba thupi ndi mtima wa anthu ake. Komabe akapolo a ku Greece ndi ku Rome anali a maonekedwe onse, ogwidwa ku Thrace, ku Gaul, ku Syria ngakhale ku Greece komweko, kotero kuti khungu silinkauza munthu kuti uyu ndi mfulu, uyo ndi kapolo. Herodotus analemba za anthu akuda a kumwera kwa Egypt mowatamanda kutalika ndi kukongola, Septimius Severus, wobadwira ku Leptis Magna m'dziko limene lero ndi Libya, analamulira ufumu wa Aroma kuyambira 193 mpaka 211, ndipo mwana wake Caracalla anapereka unzika kwa pafupifupi mfulu zonse za mu ufumuwo mu 212. Frank Snowden anatsimikiza mu 1983 kuti anthu akalewa analibe tsankho la khungu, pamene Benjamin Isaac anaonetsa mu 2004 kuti mbewu zake zinalipo kale m'maganizo awo okhudza nyengo ndi kubadwa. Awiriwa satsutsana kwenikweni, chifukwa maganizo onyoza analipo ndithu, koma panalibe boma limene linamanga malamulo ake pa khungu.

Nkhani imene inadzasenza katundu wolemera koposa ndi ya Nowa ndi ana ake, ya m'chaputala 9 cha Genesis. Aliyense woiwerenga modekha aona kuti wotembereredwa kukhala kapolo ndi Kanani, osati atate wake Hamu, ndiponso kuti khungu silitchulidwa paliponse. Kulumikiza temberero limeneli ndi anthu akuda kunachitika pambuyo pake, m'ndemanga za olemba ena achiyuda, achikhristu ndi achisilamu, ndipo kunakula makamaka kumene akapolo akuda ankachuluka. Kumwera kwa Iraq, kumene akapolo otchedwa Zanj ankapala mchere m'madambo a kufupi ndi Basra mpaka pamene anaukira ambuye awo pakati pa 869 ndi 883, mawu onyoza anthu akuda anali ofala kotero kuti mlembi wotchuka al-Jahiz analemba buku lowateteza. Ibn Khaldun, polemba mu 1377, anakana zoti khungu lakuda linachokera ku temberero, nati limabwera ndi kutentha kwa dzuwa, ngakhale kuti iye yemwe analemba mawu ena onyoza anthu a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Apa payamba kuoneka dongosolo limene lidzabwerezedwa kambirimbiri, lakuti mtundu ukagwidwa ukapolo mwaunyinji, mawu ofotokoza kuti unayenera kutero sachedwa kupezeka.

Chiphunzitso chakuti chilema chili m'magazi chinayamba kulembedwa m'malamulo ku Spain, ndipo oyamba kuvutika nacho sanali anthu akuda koma Ayuda. Kwa zaka mazana ambiri Akhristu a ku Ulaya anazunza Ayuda, anawakakamiza kuvala zowazindikiritsa kuyambira pa msonkhano wa mpingo wa ku Lateran mu 1215, ndipo anawathamangitsa ku England mu 1290, komabe chiphunzitso cha mpingo chinali chakuti Myuda wobatizidwa ndi Mkhristu wathunthu. Mu 1391 chipolowe chimene chinayambira ku Seville chinapha Ayuda ambiri m'mizinda ya ku Spain, ndipo ena zikwizikwi anabatizidwa pothawa imfa. Otembenukawa, amene ankatchedwa conversos, tsopano anali ndi ufulu wolowa maudindo amene Ayuda ankaletsedwa, ndipo m'mibadwo iwiri yokha ena mwa iwo anakhala makhansala a mizinda, oweruza, osonkhetsa msonkho, ansembe ngakhale mabishopu. Nsanje inaphulika ku Toledo mu 1449, pamene nduna yaikulu ya mfumu, Álvaro de Luna, inalamula mzindawo kupereka ndalama zambiri, ndipo amene anatumidwa kukazitolera anali wotembenuka wina wolemera. Anthu anawotcha nyumba yake, ndipo mtsogoleri wa oukirawo, Pero Sarmiento, analengeza lamulo loletsa aliyense wochokera ku makolo achiyuda kukhala pa udindo mumzindawo kapena kuperekera umboni wotsutsa Akhristu akale, ngakhale atabatizidwa.

Papa Nicholas V anatsutsa lamulolo chaka chomwecho, chifukwa linkanyoza mphamvu ya ubatizo, koma ganizo lake silinafe, ndipo linafalikira ndi dzina lakuti limpieza de sangre, kutanthauza kuyera kwa magazi. Masukulu a ukachenjede, magulu a asilikali olemekezeka ndi zipani za ansembe anayamba kufuna umboni wa magazi oyera kwa aliyense wofuna kulowa, ndipo tchalitchi chachikulu cha ku Toledo chinakhazikitsa lamulo lotere mu 1547. Mmene kufufuzako kunkachitikira zikuonetsa kuipa kwake. Munthu akapempha udindo, ofufuza ankatumidwa kumudzi kwa makolo ake, nasonkhanitsa nkhalamba, nazilumbiritsa, n'kumazifunsa za agogo ndi makolo a agogo a wopemphayo, ngati panamvekapo mphekesera yakuti wina mwa iwo anali Myuda kapena Msilamu, kotero kuti mawu a mdani mmodzi wa banjalo ankatha kuwononga tsogolo la ana ndi adzukulu. Ayuda okana ubatizo anathamangitsidwa mu 1492, ndipo zidzukulu za Asilamu obatizidwa, pafupifupi 300,000, zinathamangitsidwa pakati pa 1609 ndi 1614. Kwa nthawi yoyamba ku Ulaya, malamulo anavomereza kuti pali banga limene madzi a ubatizo sangalichotse.

M'zaka zomwe zija za kuukira kwa ku Toledo, zombo za Apwitikizi zinali zikutsika m'mbali mwa nyanja ya kumadzulo kwa Africa. Pa 8 Ogasiti 1444, anthu 235 ogwidwa m'magombe a dziko limene lero ndi Mauritania anatsitsidwa pa doko la Lagos ku Portugal, naimikidwa pabwalo kunja kwa mzinda kuti agawidwe m'magulu asanu, Kalonga Henry wa dzikolo akuonerera ali pa kavalo ndi kulandira gawo lake la anthu 46. Mlembi wa ku nyumba yachifumu, Gomes Eanes de Zurara, anafotokoza kuti ena mwa ogwidwawo anali oyera khungu, ena oderapo, ena akuda bii, ndipo sanabise zimene anaona: amuna kulekanitsidwa ndi akazi awo, ana kuthamangira kwa makolo awo ataikidwa kale m'gulu lina, amayi kudzigwetsa chafufumimba atafungatira ana awo, akulandira zikwapu pamsana kuti anawo asalandidwe. Zurara anavomereza kuti misozi inamugwira, koma anadzitonthoza ndi ganizo lakuti matupi awo alowa ukapolo pamene mizimu yawo yapeza chipulumutso. Chifukwa choperekedwa pa nthawiyi chinali chidakali cha chipembedzo, ndipo Papa Nicholas V yemweyo, amene anateteza Ayuda obatizidwa, anapatsa mfumu ya Portugal chilolezo chogwira ukapolo wosatha Asilamu ndi akunja m'makalata ake a 1452 ndi 1455.

Chimene chinasandutsa malonda aang'onowa kukhala chigumula ndi nzimbe. Minda ya shuga inakhazikitsidwa pa zilumba za Madeira ndi São Tomé, kenaka inawolokera ku Brazil ndi ku zilumba za Caribbean, ndipo inkafuna manja ambiri kuposa amene akanabwera mwaufulu, popeza ntchito yodula ndi kufinya nzimbe inkapha anthu msanga. Eni dziko a ku America anatha ndi nkhondo, ntchito yakalavulagaga ndi matenda obwera ndi azungu, ndipo pa mtsutso wa ku Valladolid mu 1550 ndi 1551, Juan Ginés de Sepúlveda anagwiritsa ntchito chiphunzitso cha Aristotle ponena kuti iwo anabadwira kutumikira, pamene Bartolomé de las Casas anawateteza. Las Casas yemweyo anali atavomerezapo kale zobweretsa akapolo a ku Africa m'malo mwawo, chinthu chimene anadzalapa atakalamba. M'zaka pafupifupi 350 zotsatira, anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'zombo m'madoko a Africa, ndipo pafupifupi 10.7 miliyoni ndi amene anafika amoyo kutsidya. Mafumu ndi amalonda a mu Africa amene ankagulitsa anthuwa sankaona kuti akugulitsa abale awo, chifukwa kwa iwo ogwidwawo anali adani, akaidi a nkhondo kapena anthu a mtundu wina, ndipo ganizo lakuti onsewa ndi gulu limodzi la anthu akuda linabadwira m'zombo ndi m'minda ya ku America, kumene Mwigibo, Mkongo ndi Mmakua anaikidwa pa goli limodzi.

Palibe malo amene akuonetsa bwino mmene khungu linasandutsidwira lamulo kuposa Virginia, dera la atsamunda a Chingerezi ku North America, chifukwa zolemba za makhoti ake ndi za nyumba yake ya malamulo zilipo, ndipo munthu akhoza kutsata phazi ndi phazi. Anthu a ku Africa oyamba, oposa pang'ono 20, anafika kumeneko mu 1619, pa nthawi imene ntchito yambiri ya m'minda ya fodya inkagwiridwa ndi amphawi a ku England, ogwira ntchito ya pangano ya zaka zingapo pobweza mtengo wa ulendo wawo. Antchito oyera ndi akuda ankalima limodzi, kugona limodzi ndi kuthawa limodzi, ndipo akuda ena anapeza ufulu nakhala ndi minda yawoyawo. Mu 1640 antchito atatu anathawira ku Maryland nagwidwa, ndipo onse anakwapulidwa, koma awiri ochokera ku Ulaya anawonjezeredwa zaka zinayi zokha, pamene wachitatu, munthu wakuda dzina lake John Punch, analamulidwa kutumikira moyo wake wonse. Mu 1656 Elizabeth Key, mwana wa mzungu ndi mayi wa ku Africa, anasumira amene ankamusunga ngati kapolo, ponena kuti atate wake anali Mngerezi komanso mfulu ndiponso kuti iye anali wobatizidwa, ndipo anapambana mlanduwo.

Eni minda, amenenso anali opanga malamulo, anatseka mipata imeneyi umodziumodzi. Mu 1662 anakhazikitsa lamulo lakuti mwana azitsata mayi wake pa za ukapolo kapena ufulu, mosemphana ndi mwambo wa ku England umene unkatsata atate, ndipo zotsatira zake zinali zoopsa, chifukwa mwini munda wogwirira mdzakazi wake sanalinso ndi udindo pa mwana wobadwayo, koma ankangowonjezera chuma chake. Mu 1667 analamula kuti ubatizo sumasula kapolo, ndipo motero chifukwa cha chipembedzo chimene Zurara anadzitonthoza nacho chinatayidwa poyera. Mu 1676 kunabuka kuukira kotsogoleredwa ndi Nathaniel Bacon, kumene antchito oyera ndi akapolo akuda anamenya nkhondo mbali imodzi nawotcha likulu la Jamestown, ndipo Edmund Morgan anaonetsa mu 1975 kuti mantha a zimenezi anaphunzitsa olemera kufunika kogawanitsa amphawi. Mu 1691 ukwati pakati pa oyera ndi akuda unaletsedwa, ndipo malamulo a 1705 analetsa kukwapula wantchito woyera ali maliseche popanda chilolezo cha woweruza, analamula kuti womaliza pangano lake azipatsidwa chimanga, ndalama ndi mfuti, pamene ziweto za akapolo zinkayenera kulandidwa ndi kugulitsidwa kuti zithandize amphawi a mu mpingo. Mzungu wosauka sanalemere ndi malamulowa, koma anapatsidwa chinthu chimene kapolo sakanachipeza, ndipo anayamba kuona kuti mnzake weniweni ndi bwana wofanana naye khungu, osati wolima naye mzere umodzi.

Eric Williams wa ku Trinidad analemba mu 1944 kuti tsankho silinabale ukapolo koma ukapolo ndi umene unabala tsankho, pamene Winthrop Jordan anaonetsa mu 1968 kuti Angerezi anali kale ndi maganizo oipa pa khungu lakuda asanayambe kuweta akapolo. Umboni wa Jordan ndi woona, koma sufotokoza chifukwa chimene panafunikira malamulo ambirimbiri oletsa oyera ndi akuda kukwatirana ndi kuthawira limodzi, popeza chinthu chimene anthu amanyansidwa nacho mwachibadwa sichisowa lamulo lochiletsa.

Gawo lomvetsa chisoni kwambiri m'mbiriyi ndi lakuti nyengo imene anthu ophunzira a ku Ulaya ankalalikira za ufulu ndi kufanana kwa anthu onse ndi yomwe inapatsa tsankho chovala cha sayansi, ndipo izi sizinangochitika mwangozi, chifukwa munthu wonena kuti anthu onse anabadwa mfulu, pamene iye ali ndi akapolo, ayenera kupeza njira yonenera kuti akapolowo si anthu athunthu. François Bernier anagawa anthu m'magulu motsatira maonekedwe mu 1684. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anayambitsa dongosolo losanja zomera ndi nyama m'buku lake la 1735, anagawa anthu panayi, ndipo m'kope la 1758 anawonjezera makhalidwe, kupatsa a ku Ulaya nzeru ndi kumvera malamulo, a ku Africa ulesi ndi kusasamala, popanda kafukufuku aliyense koma nkhani za amalinyero ndi ogulitsa akapolo. David Hume analemba mu 1753 kuti pakati pa anthu akuda sipanatulukepo munthu wodziwika pa maphunziro, chikhalirecho Anton Wilhelm Amo, wobadwira kufupi ndi Axim ku Ghana ya lero, anali atalandira kale digiri ya udokotala ku Wittenberg mu 1734 ndi kuphunzitsa ku Halle ndi ku Jena. Johann Friedrich Blumenbach anagawa anthu pasanu mu 1795, natchula azungu dzina lochokera ku mapiri a Caucasus chifukwa cha chigaza cha mkazi wa ku Georgia chimene anachiona kukongola, ngakhale kuti iye mwini ankakhulupirira kuti anthu onse ndi a mtundu umodzi ndipo ankasonkhanitsa mabuku olembedwa ndi anthu akuda pofuna kutsutsa owanyoza.

M'zaka za m'ma 1800 kuyeza kunalowa m'malo mwa kufotokoza. Sarah Baartman, mayi wa Chikhoikhoi wa ku Cape, anaonetsedwa kwa anthu olipira ku London kuyambira 1810, ndipo atamwalira ku Paris mu 1815, Georges Cuvier anang'amba thupi lake nasunga ziwalo zake, zimene zinabwezedwa ku South Africa mu 2002. Ku Philadelphia, dokotala Samuel George Morton anasonkhanitsa zigaza mazanamazana, n'kumazidzaza ndi njere, kenaka ndi timipira ta mtovu, n'kukhuthulira mu chiwiya choyezera kuti adziwe kukula kwa malo a ubongo, ndipo m'buku lake la 1839 anaika azungu pamwamba ndi akuda pansi. Friedrich Tiedemann wa ku Germany anali atayeza kale zigaza mu 1836 osapeza kusiyana kotere, koma ntchito ya Morton ndi imene inafalitsidwa, chifukwa eni akapolo a kumwera kwa United States ankaifuna. Arthur de Gobineau analemba pakati pa 1853 ndi 1855 kuti maufumu amagwa chifukwa cha kusakaniza magazi, ndipo Anténor Firmin wa ku Haiti, dziko limene akapolo anadzimasula okha nalengeza ufulu wawo mu 1804, anamuyankha ndi buku lalikulu mu 1885, limene ophunzira a ku Paris sanalilabadire. Francis Galton anayambitsa mu 1883 chiphunzitso chakuti boma lizisankha oyenera kubereka, ndipo ku United States anthu oposa 60,000 anatsekedwa kubereka mokakamizidwa chifukwa cha ganizoli.

Maphunziro onsewa anali okonzeka pamene mayiko a ku Ulaya anakhala pansi ku Berlin mu 1884 ndi 1885 kugwirizana za kagawidwe ka Africa, ndipo anapereka kwa atsamunda chikumbumtima chodekha. Ku Namibia ya lero, Aherero ataukira olanda malo awo mu 1904, mkulu wa asilikali a Germany, Lothar von Trotha, analamula kuti awonongedwe, nawathamangitsira ku chipululu kumene anafa ndi ludzu, ndipo otsala, pamodzi ndi Anama, anatsekeredwa m'misasa ngati wa pa Shark Island, kumene zigaza za akufa zinatumizidwa ku Germany kukayezedwa. Eugen Fischer, amene anakachita kafukufuku pa anthu a magazi osakanizika a ku Rehoboth mu 1908, anadzatsogolera sukulu yaikulu ya maphunziro a mitundu ku Berlin kuyambira 1927, ndipo maganizo ake anathandiza kukonza njira ya malamulo a ku Nuremberg a 1935, amene ankazindikira Myuda powerenga agogo ake monga mmene ofufuza a ku Spain ankachitira. M'zaka zotsatira malamulowa, Ayuda okwana 6 miliyoni anaphedwa ndi boma la Germany, pamodzi ndi Aromani ndi olumala ochuluka.

Kusankhana mitundu pakati pa anthu akuda okhaokha kuli ndi mizu yakeyake, ndipo kungakhale kunama kunena kuti azungu asanabwere kunalibe nkhondo, ukapolo kapena kunyozana, koma utsamunda unaumitsa malire amene kale ankasuntha. Ku Rwanda, Ahutu ndi Atutsi ankalankhula chinenero chimodzi, anali ndi mafuko ofanana ndi chipembedzo chimodzi, ndipo ngakhale kuti Mfumu Rwabugiri, amene anamwalira mu 1895, anakulitsa kusiyana kwawo poika ntchito yokakamiza pa Ahutu, banja linkatha kusintha dzina m'mibadwo ingapo chifukwa cha ng'ombe, ukwati kapena kuyandikira kwa mfumu. John Hanning Speke analemba mu 1863 kuti olamulira a m'chigawo cha nyanja zikuluzikulu anali obwera kuchokera kumpoto, zidzukulu za Hamu, ndipo motero Hamu yemwe kale ankati ndi kholo la akapolo akuda anasandutsidwa kholo la anthu oyandikira kwa azungu, amene ankati ndi amene anabweretsa chilichonse chabwino mu Africa. Ganizo lomweli ndi limene linachititsa azungu kukana kuti makoma a Great Zimbabwe anamangidwa ndi eni dziko, ngakhale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anatsimikiza kuti ndi ntchito ya anthu a mu Africa. Ku Rwanda, atsamunda a ku Belgium anachotsa mafumu a Chihutu, anapereka sukulu ndi maudindo kwa Atutsi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 analemba mtundu wa munthu aliyense pa chitupa chake. Mu 1994 zitupa zolembedwa mtundu ndi zimene zinkafunsidwa pa zipata za m'misewu, m'masiku pafupifupi 100 amene anthu oposa theka la miliyoni, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa.

Ku Nyasaland, imene inakhala pansi pa Britain mu 1891, zinthu sizinafike poipa chotero, koma njira zake zinali zofanana. Dzikoli linali likutuluka m'nyengo ya nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo opita ku Kilwa ndi ku Zanzibar kudzera m'malo ngati Nkhotakota, koma pakati pa Achewa ndi Amang'anja mdzakazi ankatha kukwatiwa m'banja la mbuye wake ndipo ana ake ankalowa m'mudzimo, ngakhale kuti kunong'onezana za chiyambi chawo sikunkatha msanga, ndipo Angoni anakula pomeza anthu a mitundu ina amene anawagonjetsa. Atsamunda anayamba kupatsa mtundu uliwonse khalidwe lake, kuti awa ndi oyenera usilikali, awo ukalaliki, enawo khasu. Alomwe, amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, analibe malo awoawo, choncho anakhala m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu pansi pa thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ndipo dzina lakuti Anguru linasanduka chitonzo chimene azungu ndi akuda anzawo ankawatchula nacho, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake atakhazikitsa bungwe la Alomwe mu 1943 nakakamiza boma kuti lilisiye. Leroy Vail ndi Landeg White anaonetsa mu 1989 kuti kusiyana kwa sukulu za mishoni, zinenero zosindikizidwa ndi ulamuliro wodzera mwa mafumu zinathandiza kwambiri kuumba mitundu ndi zigawo zimene ndale za Malawi zimalimbana nazo. Pamwamba pa onsewa panali mzere wa khungu, umene unkafuna kuti munthu wakuda, ngakhale mbusa kapena mphunzitsi, avule chipewa akakumana ndi mzungu. John Chilembwe, amene anatsogolera kuukira kwa pa 23 Januwale 1915, anali ataphunzira ku Lynchburg m'boma lomwe lija la Virginia, pa sukulu ya anthu akuda, m'zaka zimene malamulo olekanitsa mitundu ankakhwimitsidwa kumeneko.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, sayansi inabweza mawu ake. Bungwe la UNESCO linatulutsa chikalata chotsutsa chiphunzitso cha mitundu yapamwamba mu 1950, ndipo Richard Lewontin anapeza mu 1972 kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a kusiyana kwa chibadwa pakati pa anthu amapezeka mkati mwa gulu limodzi, osati pakati pa magulu otchedwa mitundu, pamene khungu lenilenilo limangotsata mphamvu ya dzuwa m'dera limene makolo a munthu anakhala. Koma chaka chomwecho cha 1950 boma la South Africa, limene lamulo lake la 1913 linali litasiyira kale anthu akuda pafupifupi magawo 7 okha pa 100 a malo, linakhazikitsa lamulo la kalembera wa mitundu, limene linakhala maziko a tsankho la apartheid. Olemba lamulolo analephera kupeza muyezo wa magazi, ndipo anangoti mzungu ndi munthu wooneka ngati mzungu kapena wovomerezedwa ndi anthu kuti ndi mzungu, kotero kuti akuluakulu a boma ankayang'ana zikhadabo, kufunsa za anzake a munthu, ndi kusomeka pensulo m'tsitsi kuti aone ngati igwe. Sandra Laing, wobadwa mu 1955 kwa makolo awiri achizungu a ku Piet Retief, anachotsedwa pa sukulu ya azungu ali ndi zaka pafupifupi 10 chifukwa cha khungu lake loderapo ndi tsitsi lake, analembedwa m'gulu la amakaladi, kenaka anabwezeredwa m'gulu la azungu lamulo litasinthidwa mu 1967 kuti lizitsata makolo, ndipo atakula anapempha yekha kuchotsedwa m'gululo kuti aloledwe kukhala ndi ana ake amene anabereka ndi mwamuna wakuda. Chaka ndi chaka nduna inkauza nyumba ya malamulo chiwerengero cha anthu amene asinthidwa kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina, ndipo lamuloli linagwira ntchito zaka 41 lisanafafanizidwe mu Juni 1991.